Momwe mungalowere pansi pa nyanja koyamba kukaona mbuna

Alendo amauluka kuchokera kutali kudzaona mbuna, nsomba zokhala m'miyala ya ku Cape Maclear ndi Nkhata Bay, pomwe ambiri a ife timangozionera pa bwato. Masewera a scuba, olowa pansi pa madzi mutabereka silinda ya mpweya, safuna katswiri wosambira. Chachikulu ndi kusapupuluma.

Choyamba, pezani sukulu ya scuba yokhala ndi mlangizi wa satifiketi, monga ya PADI, bungwe lophunzitsa za scuba. Osabwereka zida kwa mnzanu n'kukalowa nokha. Pali phunziro la tsiku limodzi longolawitsa, lomwe simupitirira mamita 12, ndipo pali kosi ya Open Water ya masiku atatu kapena anayi yokulolani kufika mamita 18. Adzakupatsani fomu ya zaumoyo. Ngati muli ndi mphumu, khunyu, matenda a mtima kapena ndinu oyembekezera, lembani zoona. Mukakhala ndi chimfine, sinthani tsiku.

Kenako mudzayeserera pamadzi osaya, mutagwada pamchenga. Silinda yakumsana ili ndi mpweya wamba wopanikizidwa, osati okosijeni yekhayekha monga ena amaganizira. Lamulo loposa onse ndi ili: musagwire mpweya, makamaka pokwera. Pa mamita 10 mphamvu yokupanikizani imakhala kawiri poyerekeza ndi pamwamba, choncho mpweya wa m'mapapo umafufuma mukamakwera, ndipo ukasowa potulukira umavulaza mapapo. Phunziraninso zizindikiro. Chala chachikulu choloza kumwamba sichitanthauza kuti zili bwino, chimatanthauza kuti tikwere.

Potsika, makutu ndiwo amavuta. Tsinani mphuno n'kupemerera pang'ono, ndipo muzichita zimenezi pafupipafupi makutu asanayambe kuwawa. Akawawa, kwerani pang'ono muyesenso. Kukakamiza kumaboola mwinikhutu.

Tsono mukafika pamiyala, monga ya pa chilumba cha Thumbi kapena Otter Point, lekani kupalasa ndi manja. Apindeni pachifuwa, muzipuma mofatsa. Woyamba kumene amathamangitsa nsomba, mpweya n'kumuthera msanga, osaona kanthu. Mukadekha, mbuna zimabwera zokha, zabuluu, zachikasu, zina zamizeremizere, zikupala ndere pamwala ndi timano tawo. Sankhani mwala umodzi muuyang'anitsitse. Mudzaona yamphongo ikulondera kamalo kake, kupirikitsa iliyonse yoyandikira. Mukaona ina yotupa kukhosi, yosadya, imeneyo ndi yaikazi yofungatira mazira m'kamwa, ndipo imatero pafupifupi milungu itatu. M'mitundu ina, ana akatuluka amathawiranso m'kamwa mwa mayi wawo mukangosendera pafupi. Suzumiraninso pansi pa matanthwe, kumene kampango amabisala masana.

Malo a Thumbi ndi Otter Point ali mu Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, kwenikweni chifukwa cha nsomba zimenezi. Mitundu ina ya mbuna imapezeka pa chilumba chimodzi chokha, popeza sizikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya. N'chifukwa chake kugudubuza miyala kapena kugwira nsomba n'kosayenera. Zoponyera mbuna buledi zija, ine sindigwirizana nazo, ngakhale zithunzi zake zimakongola.

Muziyang'ana geji ya mpweya. Silinda imayamba ndi pafupifupi 200 bar, ndipo muyenera kufika pamwamba ikadali ndi 50. Kwerani pang'onopang'ono, muime mphindi zitatu pa mamita 5 kuti mpweya wa nayitirojeni utuluke m'thupi.

Mukatuluka, osakwera ndege maola 18 asanathe ngati mwalowa kangapo. Nawo msewu wochoka ku Nkhata Bay kupita ku Mzuzu ndi chitunda chachitali, ndiye funsani mlangizi nthawi yoyenera kunyamuka. Nyengo ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nyanja imawinduka kawirikawiri, choncho woyamba kumene angachite bwino kupita Seputembala kapena Okutobala. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu, kayezetseni likodzo kuchipatala.