Momwe mungayezere kukungika kwa chingwe cha mlatho osapusitsidwa ndi damper

Woimba kaligo amadziwa kuti akakunga nsambo, mawu amakwera. Ainjiniya amayeza zingwe za milatho ngati wa Kazungula kapena wa Nelson Mandela ku Johannesburg ndi nzeru yomweyo: amawerenga kuti chingwe chikunjenjemera kangati pa sekondi, n'kupeza mphamvu imene chakungika nayo.

Yambani ndi mapepala a mlathowo. Mupezemo kutalika kwa chingwe, L, ndi kulemera kwake pa mita imodzi, m. Kenaka mangirirani accelerometer, kachida koyeza kunjenjemera, pachingwe, pamwamba ndithu kutali ndi pomwe chagwirira, ndipo jambulani kwa mphindi zingapo. Mphepo ndi magalimoto odutsa zimachigwedeza zokha. Kompyuta ikasanthula ndi FFT, njira yopezera kuti chingwe chikunjenjemera kangati pa sekondi, muona pa girafu nsonga zotalikirana mofanana: f1, f2, f3. Masamu ake ndi T = 4mL²f², pomwe T ndi mphamvu imene chingwe chakungika nayo, ndipo f ndi nsonga yoyamba.

Tiyerekeze chingwe cha mamita 100, cholemera makilogalamu 50 pa mita, chonjenjemera pa 1.2 Hz, ndiye kuti ka 1.2 pa sekondi. T ikhala 2,880 kN (ma kilonewton, muyeso wa mphamvu).

Musanalembe nambalayo, yang'anani kumunsi kwa chingwe ngati kuli damper. Kachida aka kamagwira ntchito ngati ma shock a galimoto. Milatho yambiri ili nako chifukwa mvula ikasakanikirana ndi mphepo zingwe zimavina modetsa nkhawa, monga zinachitikira pa Meiko Nishi ku Nagoya m'ma 1980 ndi pa Erasmus ku Rotterdam mu 1996, chaka chomwe unatsegulidwa.

Ambiri amaganiza kuti vuto la damper n'loti imatsitsa f. Koma kuzilala kwa kunjenjemera kwa chingwe pachokha sikufika n'komwe 1 peresenti, ndipo kumasintha f pang'ono kwambiri moti mukhoza kukuiwala. Damper yomangidwa pambali ndiye ina. Ikalimba imakhala ngati chala cha woimba chopanikiza nsambo: chingwe chimafupika, mawu n'kukwera. Pa chingwe chathu chija, damper ili pa mamita 2 kuchokera pomwe chingwe chagwirira ikagwira zolimba, gawo lonjenjemera limatsala mamita 98, f n'kufika pafupifupi 1.224 Hz. Mukawerengabe ndi mamita 100 mupeza pafupifupi 3,000 kN. Mwaonjezera 4 peresenti yomwe kulibe, chifukwa f imachulukitsidwa ndi iyo yomwe. Choopsa chake, chingwe chimene chayamba kukhwefuka chioneka ngati chili bwinobwino.

Ndiye funsani kuti damper yake ndi ya mtundu wanji. Ya mafuta imauma kwambiri pamene chingwe chikunjenjemera mofulumira, choncho f4 ndi f5 zimakankhidwa kuposa f1. Yokhulana imangokakamira chingwe chikamanjenjemera pang'ono, ndipo tsiku la bata, lomwe oyeza amalikonda, ndiye imagwira ngati msomali.

Njira yosavuta ndi kumasula damper pa nthawi yoyeza, eni mlatho akalola komanso kunja kukakhala kopanda mvula. Akakana, onani mbali imene imakankhira. Ngati imagwira kokwera ndi kotsika kokha, tembenuzani accelerometer iyeze cham'mbali. Zikakanikabe, tengani nsonga zisanu kapena kuposa, gawani iliyonse ndi nambala yake, f2 ndi 2, f3 ndi 3, muone ngati mayankho akufanana. Akamakwera, ikani damper mu masamu a pakompyuta pamodzi ndi malo ake, ndipo sinthani T mpaka nsonga zonse zigwirizane. Samalani apa, chifukwa kuuma kwa chitsulo cha chingwe chachifupi kumakwezanso nsonga zapamwamba, pomwe kugwa pamimba kwa chingwe chachitali kumasokoneza f1.

Ine sindikhulupirira nambala yomwe sinayerekezedwe ndi jeke. Pa zingwe ziwiri kapena zitatu, kokani ndi jeke ya hydraulic mpaka mutu wa chingwe unyamuke pang'ono, muwerenge mphamvu yeniyeni. Mu lipoti lembani kutentha kwa tsikulo, ola lomwe munayeza, ndiponso ngati damper inali yomangidwa kapena yomasulidwa, kuti wobwera kudzayeza chaka chamawa adzachite chimodzimodzi.