Momwe mungatetezere kiyibodi, mikisa ndi ampu magetsi akamathimathima

Zida zoimbira zambiri sizipsa nthawi imene magetsi akuthima. Zimapsa pamene akubwera. Magetsi akangoyaka, mafuliji, mapampu a madzi, zigayo ndi makina owotcherera a dera lonse amadzuka pa kamodzi, ndiye mphamvu imakwera n'kutsika isanakhazikike pa 230V imene zida zathu zimafuna. Tsiku lina amabwera, n'kuthima, n'kubweranso katatu mphindi imodzi isanathe. Simbi yositira ndi mbaula zimapirira zimenezi, koma bolodi ya m'kati mwa kiyibodi kapena mikisa sipirira.

Vutoli silitha mawa. Magetsi ambiri a m'Malawi amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, moti namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Anzathu a ku Zambia anaona zofanana mu 2024 chilala chitachepetsa madzi ku Kariba. Choncho kwaya ya tchalitchi, DJ wa m'maukwati ndi mwini situdiyo ya m'chipinda chogona ayenera kudziteteza okha. Ndondomeko ili m'munsiyi ikuyambira pa zosafuna ndalama.

Choyamba: zulani pulagi

Magetsi akathima, musangokhala n'kumadikira. Tsitsani voliyumu, thimitsani ampu, kenako zina zonse, ndipo muzule pulagi yaikulu pakhoma. Kungothimitsa swichi ya pa chida sikokwanira, chifukwa zida zambiri za masiku ano zimakhalabe ndi magetsi m'kati bola waya ali pa soketi. Magetsi akabwera dikirani mphindi 5 mpaka 10. Yang'anani babu: ngati likuphethira kapena likuwala mopitirira masiku onse, musalumikize kanthu.

Kuyatsa kulinso ndi dongosolo lake. Yambani ndi kiyibodi, laputopu ndi mamaiki opanda waya, kenako mikisa, ndipo ampu kapena masipika okhala ndi ampu yakeyake akhale omaliza. Pothimitsa muyambe ndi ampu. Kaphokoso kaja koti "phuu" kamene kamamveka m'masipika munthu akayatsa mikisa ampu ili kale moto ndi kamene kamapha timasipika tating'ono ta mawu osongoka. Kutchalitchi lembani dongosololi papepala n'kulimata pafupi ndi mikisa, poti amene amatsegula Lamlungu m'mawa nthawi zambiri si amene anagula zidazo.

Chachiwiri: werengani zolembedwa kumbuyo kwa chida

Zida zambiri timazigula zogwiritsidwa kale ntchito, kapena timatumiziridwa ndi abale akunja. Pafupi ndi polowera waya pamalembedwa mphamvu imene chidacho chimalandira. Chikalembedwa 100–240V mulibe vuto. Chikalembedwa 110V kapena 120V pokha, monga zambiri zochokera ku America, chimafunika thiransifoma yotsitsa mphamvu, apo ayi chidzafuka utsi tsiku loyamba lomwelo. Zida zina zili ndi kaswichi kosankhira 115 kapena 230. Kayikeni pa 230 n'kukamata ndi tepi.

Adaputala nayo si yongotola iliyonse imene yakwana pabowo. Makiyibodi aang'ono a Yamaha a mtundu wa PSR-E amafuna 12V, akuluakulu ambiri a PSR-S amafuna 16V, pamene mapedo a gitala a Boss amafuna 9V yokhala ndi negativi pakati. Lembani dzina la chida pa adaputala yake.

Chachitatu: earth

Mapulagi athu a mano atatu ali ndi dzino lalitali pamwamba, ndipo limenelo ndi la earth, waya wopititsa pansi magetsi osochera. Zida zambiri zotetezera zimene mungagule zimadalira dzino limeneli kuti zitayire pansi mphamvu yopitirira. Nyumba zambiri za lendi zili ndi masoketi amene kumbuyo kwake kulibe waya wa earth n'komwe, choncho itanani katswiri wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso adzayeze soketi imene mumaimbirapo. Ngati zingwe za gitala kapena maiki zikumakugwirani pang'ono pamlomo, siyani kuimba mpaka ayeze.

Pali chizolowezi choipa chothyola dzino la earth pofuna kuthetsa kulira kwa masipika. Kulirako kumachepadi, koma mwasandutsa woimba kukhala njira ya magetsi yopita pansi. Mankhwala enieni a kulirako ndi kulumikiza zida zonse zoimbira pa soketi imodzi, kapena kugwiritsa ntchito DI box, kabokosi koikidwa pakati pa chida ndi mikisa, yokhala ndi batani la ground lift lodula earth ya pa waya wa mawu yokha. Zolowetsa mawaya opanda pulagi m'soketi n'kutsekera ndi machesi musiyiretu, ndipo pulagi ya mano ozungulira ya ku South Africa muidule n'kuikapo yathu yokhala ndi fyuzi. Ya 3A imakwanira kiyibodi kapena mikisa yaing'ono, ya 13A ndi ya ampu yaikulu. Fyuzi ikapsa musaikepo kawaya kapena pepala lonyezimira la mu paketi ya fodya.

Chachinayi: gulani gadi musanagule china chilichonse

Apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama, chifukwa m'sitolo muli zinthu zitatu zosiyana zimene ogulitsa amazitchula ngati chimodzi.

Surge protector ndi ekisitenshoni yokhala ndi kachida m'kati komeza mphamvu yokwera mwadzidzidzi, ya kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso. Kachidako kamatha pang'onopang'ono nthawi iliyonse kakameza, ndipo kakatha ekisitenshoniyo imapitiriza kupereka magetsi ngati kuti zonse zili bwino. Yabwino imalembedwa kuchuluka kwa ma joule, muyeso wa mphamvu imene ingameze, ndipo ili ndi kagetsi kosonyeza kuti chitetezo chikadalipo. Ekisitenshoni yotchipa yokhala ndi swichi yofiira si surge protector, ngakhale pa katoni atalemba zotani.

Gadi ya mphamvu, yofanana ndi zija timaika pa fuliji ndi pa TV, imagwira ntchito ina. Imadula magetsi akakwera kapena akatsika mopitirira malire, ndipo akabwera imadikira kaye isanawalole kudutsa. Kudikira kumeneko ndiye kofunika kwambiri kwa ife, chifukwa imakuchitirani zija za kuzula pulagi ngakhale inu muli kumsika. Imathandizanso pa ngozi yoopsa kuposa zonse, pamene waya wa neutral, wobwezera magetsi, waduka kapena wabedwa pa thiransifoma. Zikatero nyumba zina zimalandira mphamvu yoyandikira 400V kwa mphindi zambiri, ndipo surge protector imangopsera limodzi ndi zida. Pogula funsani bwino, popeza magadi ena a fuliji amateteza ku mphamvu yotsika yokha ndipo ena a TV ku yokwera yokha. Inu mukufuna yoteteza mbali zonse ziwiri, monga AVS13 ya Sollatek kapena ina yofanana nayo. Ya 13A imanyamula pafupifupi mawati 3000, okwanira situdiyo yonse kapena zida za tchalitchi chaching'ono.

Chachitatu chake ndi stabilaiza, imene imakweza mphamvu ikatsika n'kuitsitsa ikakwera. Ndi yofunika ngati mumakhala kumapeto kwa laini kumene mababu amafiira madzulo aliwonse anthu akayamba kuphika. Ngati multimita, kachida koyezera mphamvu ya magetsi, ikumakuonetsani pakati pa 215V ndi 245V nthawi zambiri, ndalamayo isungeni. Ine ndikanakhala ndi ndalama ya chinthu chimodzi chokha, ndikanagula gadi.

Chachisanu: UPS ya kompyuta ndi zida zing'onozing'ono

UPS ndi bokosi lokhala ndi batire lopereka magetsi akangothima, koma ntchito yake si kukupititsani patsogolo ndi kujambula nyimbo. Imakupatsani mphindi zochepa zoti musunge ntchito n'kuthimitsa bwino. Ya 650VA imapereka mawati pafupifupi 360 okha, ndipo batire lake la 12V 7Ah limasunga kompyuta ya patebulo ndi sikirini yake kwa mphindi 5 mpaka 10. Lumikizanipo kompyuta, sikirini, hard drive yakunja, kiyibodi ndi mikisa ya digito. Ampu yaikulu isapite pamenepo, ingoigwetsa besi ikangogunda.

Yang'anani pa UPS mawu akuti pure sine wave, kutanthauza magetsi osalala. Ma UPS otchipa, ndi mainiveta otchipa (zida zosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a pakhoma), amatulutsa magetsi odukizadukiza amene amalowetsa kulira m'masipika ndi kutenthetsa mathiransifoma a m'zida zakale. Batire la UPS limafooka pakatha zaka 2 kapena 3, ndipo kumalo otentha ngati Nsanje, Chikwawa ndi Mangochi limafooka msanga. Mwezi uliwonse zulani pulagi yake pakhoma kompyuta ili moto koma musakugwira ntchito yofunika, muone ngati ikugwirabe.

Ofuna kugwira ntchito maola angapo afunika iniveta ndi batire lalikulu, ndipo masamu ake ndi osavuta. Batire la 12V 100Ah limasunga 1200Wh. Ngati ndi la asidi musalimwe kupitirira theka, apo ayi silikhalitsa, ndiye mwatsala ndi 600Wh. Iniveta imadyapo yake, mwatsala ndi 500Wh kapena kuposerapo pang'ono. Laputopu, masipika awiri a mu situdiyo ndi kiyibodi zikamadya mawati 150 pamodzi, muli ndi maola atatu. Batire la lithiamu la mtundu wa LiFePO4 ndi lodula pogula koma limalola kumwedwa mpaka 80 kapena 90 peresenti. Batire la galimoto silinapangidwire ntchito imeneyi ndipo limafa m'miyezi yochepa.

Chachisanu ndi chimodzi: jenereta

Pa ukwati, pa chinkhoswe ndi pa msonkhano wa chitsitsimutso, jenereta yobwereka nayo ikhoza kupha zida. Ilizeni isanalumikizidwe ku chilichonse, iyende kwa mphindi 2 kapena 3, muyeze mphamvu yake ndi multimita, kenako mulumikize kudzera pa gadi ija. Pomaliza thimitsani zida ndi kuzula waya musanathimitse injini. Choopsa kwambiri ndi jenereta kutha mafuta nyimbo ili m'kati. Injini ikayamba kutsokomola mphamvu imakwera n'kutsika mosalamulirika, choncho pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'ana mafuta basi. Pothira, thimitsani kaye ndipo injini izizireko.

Kukula kwake kukhale kopitirira zimene zida zanu zimadya ndi theka lina, chifukwa ampu imakoka mphamvu modzidzimutsa besi ikamagunda. Jenereta yolembedwa 5kVA kawirikawiri imapereka mawati pafupifupi 4000. Ndipo kanani, mwaulemu koma mosagonja, amayi a kukhitchini akabwera ndi ketulo kapena firiza ya zakumwa kuti alumikize pomwepo. Firiza ikamadzuka imagwetsa mphamvu, ikamazima imaikweza, ndipo mikisa yanu imamva zonsezo. Jenereta ya mtundu wa iniveta imatulutsa magetsi osalala ndipo ndi yabwino ku zida za digito.

Jenereta ikhale panja, kutali ndi mawindo, popeza utsi wake uli ndi mpweya wakupha wosanunkha. Kuilumikiza ku nyumba kudzera pa soketi popanda changeover switch, swichi yolekanitsa nyumba ndi magetsi a pa polo, kukhoza kupha wogwira ntchito pa polo, ndiponso jeneretayo imapsa magetsi akabwera.

Chomaliza: mafayilo ndi mphenzi

Mu FL Studio, Cubase kapena pulogalamu ina iliyonse yopangira nyimbo, tsegulani autosave kuti izisunga ntchito mphindi 5 zilizonse, ndipo nyimbo za makasitomala zikhale m'malo awiri, limodzi losalumikizidwa ku kompyuta. Magetsi akathima kiyibodi ikulemba pa fulashi, masitayilo onse a kwaya akhoza kuwonongeka, ndiye sungani kope pa foni kapena pa laputopu. Kuika firmware yatsopano, pulogalamu yoyendetsa chidacho, mu kiyibodi kapena mu mikisa ya digito popanda UPS musayese, chifukwa magetsi akaduka pakati chidacho chikhoza kukana kuyakanso.

Nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka April, pamabwera mdani amene gadi, UPS ndi surge protector sizingamuletse. Mphenzi ikagwa pafupi imalumpha zonsezi, ndipo imalowanso kudzera pa waya wa intaneti, wa dishi, ndi mawaya aatali opita ku masipika a panja. Mabingu akayamba kumveka, zulani mapulagi pakhoma pamodzi ndi mawaya amenewa, ndipo zida za tchalitchi zizikhala zozula kuyambira Lamlungu madzulo mpaka tsiku lokonzekera nyimbo.