Giyabokosi ya otomatiki ikamaterereka ndipo kompyuta yaonetsa P0894 kapena P0730

Mukaponda moto injini imalira, muvi wa rpm n'kukwera, koma galimoto osathamanga. Kapena mukaika pa D imayamba yaganiza kaye kenako n'kugwira mogunda. Nyale ya check engine ikayakanso, musathamangire kugula giyabokosi ina. Kompyuta ya galimoto imangoyerekeza liwiro lolowa mu giyabokosi ndi lotuluka. Ziwirizi zikasiyana ndi zimene ikuyembekezera pa giya imeneyo, imalemba khodi, koma chimene chayambitsa sichinena.

Lumikizani makina owerengera makhodi pa soketi ya mapini 16 pansi pa chiwongolero. P0700 imangotanthauza kuti kompyuta ya giyabokosi ili ndi dandaulo, choncho werengani makhodi ena amene ali nayo. P0894 ndi kuterereka, P0730 ndi giya yosagwirizana ndi liwiro, P0731 mpaka P0734 imatchula giya yeniyeni, kuyambira yoyamba mpaka yachinayi. P0741 ndi klatchi ya mu torque converter, chipangizo chodzaza oyilo chimene chimalumikiza injini ndi giyabokosi. Mukaona P0715 kapena P0720, yambani ndi masensa a liwiro, chifukwa sensa yonama imanamizira giyabokosi yabwinobwino. Galimoto zakale zochokera ku Japan zina sizilankhula ndi timakina totchipa ta pa foni, zimafuna makina a ku galaja. Lembani makhodi onse musanafufute.

Kenako oyilo. Klatchi za mkati zimakanikizidwa ndi mphamvu ya oyiloyo, ndiye akachepa pampu imakoka mpweya ndipo klatchi zimaterereka. Yendetsani galimoto mphindi 15 kuti oyilo atenthe kufika madigiri 70 mpaka 80, imikani pamalo osapendekeka, injini ikulira, pondani buleki n'kudutsitsa giya pa P, R, N, D ndi kubwerera pa P. Pukutani dipisitiki, bwezerani, solani: oyilo akhale pakati pa zizindikiro za HOT. Ma Honda ambiri amayezedwa injini itangozimitsidwa. Giyabokosi zopanda dipisitiki zili ndi bawuti yosefukira pansi kapena m'mbali, ndipo zimayezedwa pa kutentha kumene buku la galimotoyo lanena. Kudzazitsa n'koipanso, oyilo amachita thovu.

Donthezani pang'ono pa pepala loyera. Wofiira kapena wofiirira pang'ono ndi wabwino. Wakuda wonunkha chopserera akusonyeza kuti klatchi zapsa. Akaoneka ngati wasakanizidwa ndi mkaka, madzi a rediyeta alowa kudzera mu paipi yoziziritsira oyilo, ndipo rediyetayo isinthidwe musanachite china chilichonse.

Funsaninso kuti anathira oyilo wanji komaliza. Apa m'pamene pafera ma giyabokosi ambiri, chifukwa wogulitsa amangoti "ATF ndi ATF basi", kutanthauza kuti oyilo yense wa giyabokosi ya otomatiki ndi chimodzimodzi. Toyota zakale zimafuna T-IV, zatsopano WS. Vitz, Sienta, Honda Fit ndi Nissan Note zambiri zili ndi CVT, ya lamba wachitsulo, ndipo imafuna oyilo wakewake: TC kapena FE pa Toyota, NS-2 kapena NS-3 pa Nissan, HMMF kapena HCF-2 pa Honda. Oyilo wa otomatiki wamba ngati Dexron mu CVT amateretsa lamba n'kukanda mapule. Mtundu woyenera nthawi zambiri umalembedwa pa dipisitiki kapena pafupi ndi pothirira.

Ngati oyilo ndi wokalamba koma sanapse, masulani sampu. Amatuluka malita atatu kapena anayi okha, wotsalayo amakhala mu converter. Yezani amene watuluka kuti mubwezere wofanana. Yang'anani maginito a m'sampu: phala lotuwa losalala ndi kutha kwa masiku onse, koma tizidutswa tachitsulo tonyezimira kapena zinyenyeswa zakuda zambiri zikutanthauza kuti giyabokosi itsike. Sinthani sefa ndi gasiketi, mangani mabawuti modumphitsa pa mphamvu ya 8 mpaka 10 Nm. Silikoni wochuluka amathothokera mkati n'kutseka timabowo ta valve body, chigawo chimene chimagawa oyilo ku klatchi. Kutsuka ndi makina okankha oyilo mwamphamvu pa giyabokosi yopsa kale n'kutaya ndalama.

Sampu ikadali yotsegula, yezani ndi mita ma solenoid, timavalavu tamagetsi tolamulira njira za oyilo. Pa Toyota zambiri, osinthira giya amawerenga 11 mpaka 15 ohms, olamulira mphamvu ya oyilo pafupifupi 5 mpaka 6. Onaninso pulagi ya mawaya pa giyabokosi ngati mwalowa oyilo kapena dzimbiri, ndiponso batire: injini ikulira pakhale mavoti 13.5 mpaka 14.5.

Zonsezi zikakhala bwino, pa giyabokosi yosakhala CVT chitani stall test. Ikani miyala kumatayala, kokani handibuleki, pondani buleki mwamphamvu, ikani pa D n'kuponda moto mpaka pansi. Musapitirire masekondi asanu, oyilo amatentha msanga kwambiri. Pa galimoto zambiri muvi umaima pakati pa 2,000 ndi 2,500 rpm. Muvi ukapitirira zimene buku likunena, klatchi zikuterereka. Ukaperewera kwambiri, kayikirani injini kapena converter. Pumitsani pa N mphindi imodzi musanayese pa R. Makaniko wokhala ndi geji ayeze mphamvu ya oyilo: ikachepa pa giya zonse, vuto ndi pampu, sefa kapena valavu yolamulira mphamvu, ikachepa pa giya imodzi, masilu a klatchi imeneyo atha.

Mukakonza, fufutani makhodi, yendetsani mpaka itenthe, ndipo muikweze chitunda, pakuti giyabokosi yofooka imabisa matenda ake pamsewu wosalala koma pokwera Chiweta itanyamula katundu imaulula. Ikakakamira pa giya yachitatu, kompyuta ikuiteteza, musaikakamize ulendo wautali. Muinyamule pa lole, chifukwa kuikoka ndi chingwe injini itazima kumazungulitsa zamkati pampu isakupopa oyilo. Ngati mwasankha kugula giyabokosi yogwiritsidwa kale ntchito, nambala yake ifanane ndi ya pa kachikwangwani ka fakitale ka galimotoyo, monga U340E kapena K310, ndipo mutsuke mapaipi oziziritsira musanaimange kuti zinyenyeswa za yakale zisalowe mu yatsopanoyo.