Mwagundana pang'ono: muuze a inshuwalansi kapena mungomvana?

Musanasunthe galimoto, jambulani pa foni nambala za galimoto zonse ziwiri, pomwe papindika, ndi kapepala ka inshuwalansi ka mnzanuyo. Yang'anani deti lake bwinobwino, ena amayenda ndi kotha ntchito.

Kenako kumbukirani kuti inshuwalansi yanu ndi yotani. Ya third party imakonzetsa galimoto ya winayo basi, yanu mudzionera nokha. Ya comprehensive, yomwe imakonzetsanso galimoto yanu, imakhala ndi excess, ndalama yoyamba yomwe imachoka m'thumba mwanu. Makaniko akati kuwongola bampala ndi kupenta sikufika pa excess imeneyo, ine sindivutika n'kukalemba mafomu, chifukwa kutero kumathanso kukudyerani kuchotsera komwe amapereka mukatha chaka osachita ngozi.

Koma wina akangoti khosi likupweteka, kapena pansi pa injini pakudontha madzi, zomvana pamsewu zisiyeni. Itanani apolisi apamsewu, popeza a inshuwalansi adzafuna lipoti lawo, ndipo a inshuwalansiwo auzeni msanga.

Mukasankha kumvana, lembani papepala ndalama ndi tsiku lolipira, nonse musaine pali mboni. Zoti "bwana, ndikutumizirani pa foni madzulo" ine ndimakana. Munthu akachoka pamalopo, foni yake imayamba kusapezeka.