Momwe mungagwiritsire ntchito ma phrasal verb pofotokoza zimene zinkapitirira kale

Aliyense amene akukonzekera mayeso a MSCE akudziwa kuti ukalephera Chingerezi satifiketi palibe, ngakhale masamu ndi sayansi zitakuyendera bwanji. Ndipo pa chimangirizo chofotokoza nkhani, chimene ana ambiri amachikonda, pafupifupi chilichonse chimalembedwa m'nthawi yakale. Ine ndimaphunzitsa ana a Fomu 4 masana akaweruka, ndipo ambiri amafika akudziwa liwu limodzi lokha lonenera kuti chinthu sichinaleke, la continued. Tsamba lonse limangodzaza continued. Sikulakwa ayi, koma wochonga amatopa nalo, pomwe eni ake chiyankhulochi amakonda aneni a zigawo ziwiri, ma phrasal verb, monga went on, carried on ndi kept on. Njira imene ndimatsata nayi.

Yambirani pa zimene mukufuna kunena, osati pa mndandanda wa mawu. Lembani m'Chichewa ziganizo zingapo za zimene zinachitika sabata yatha: mvula inkagwabe, agogo anapitiriza kupalira, msonkhano unatha kutada, ntchito yomanga nyumba inkayenda bwino. Mukaziyang'ana muona kuti zili m'magulu awiri. Zina zikunena kuti chinthu sichinasiye kuchitika, ndipo ifeyo timaziphera pa ka -be kaja ka kumapeto kwa mneni kapena pa liwu loti kupitiriza. Zina zikunena kuti ntchito inkapita patsogolo. Gulu lililonse lili ndi aneni ake, musawasakanize.

Kenako sinthani nthawi. Chosintha ndi mneni yekha, kachidutswa kotsatirako monga on kapena along sikakhudzidwa. Go amakhala went, keep amakhala kept, come amakhala came, get amakhala got. Izi munaloweza ku pulayimale. Ingosamalani carried, amene y wake amasanduka i, ndi dragged wa ma g awiri.

Tsopano gulu loyamba. Went on, carried on ndi kept on amafanana koma aliyense ali ndi kafungo kake. Kept on amakonda chinthu chobwerezabwereza, nthawi zambiri chosowetsa mtendere: The baby kept on crying all night. Carried on amakoma pamene pachitika chosokoneza koma anthu osaleka: The lights went off, but we carried on reading by candlelight. Ngati chotsatira ndi dzina osati mneni, lowetsanipo with, monga we carried on with the lesson. Went on ndi amene amayenda bwino ndi zochitika monga msonkhano, maliro kapena mpira: The meeting went on until dark. Ngati msonkhanowo unali wotopetsa, mabenchi akuwawa, anthu akuyang'ana dzuwa, lembani the meeting dragged on, ndipo wowerenga amva kutopako popanda inu kukutchula. Pa ulendo wovuta pali pressed on: We were tired and hungry, but we pressed on to the next village.

Apa pokha khalani pansi, chifukwa m'pamene chaka china kalasi yanga yonse inagwera m'mbuna. Went on akatsatidwa ndi mneni wothera ndi -ing amatanthauza china, akatsatidwa ndi to amatanthauzanso china. Ana anga anali atagula kabuku kena kofotokopedwa kamene kamagulitsidwa pansi pa mitengo pafupi ndi depoti, kopanda dzina la wolemba, inki yake yomatirira ku zala. Kabukuko kanalemba poyera kuti go on doing ndi go on to do ndi chimodzimodzi, munthu angosankha chimene chamukomera. Pa mayeso oyeserera ndinawapatsa mutu wa moto wa pamsika, ndipo mapepala ambiri anabwera ndi chiganizo ngati ichi: The women went on to cry while the fire was burning. Mwana ankafuna kunena kuti amayiwo ankalirabe, koma chimene analemba n'chakuti anayamba achita china, kenako n'kuyamba kulira. Nkhani yonse inapotoka. Zinanditengera nthawi yaitali kuti ndizule zimenezi m'mitu mwawo, chifukwa mwana amakhulupirira chosindikizidwa kuposa mawu a pakamwa.

Lamulo lenileni ndi ili. Went on ndi -ing ndi ntchito yomweyo imene sinaleke. Went on ndi to ndi ntchito yatsopano yobwera pambuyo pa ina. Chimene chinawathandiza ana anga ndi ziganizo ziwiri za mbiri imene amaidziwa kale. Choyamba: Kamuzu Banda returned to Nyasaland in 1958 and went on to become President in 1966. Apa kubwera ndi chinthu china, kukhala pulezidenti ndi chinanso chotsatira. Chachiwiri: He went on ruling until 1994. Apa ndi ulamuliro womwewo ukupitirira. Muzilembe pa chikuto cha kope lanu, chimodzi pamwamba china pansi, ndipo mukakayikira muzibwererako. Pa nkhani ya moto ija mukhoza kuyesa chimodzimodzi: the fire went on burning until morning ndi moto womwewo wosazima, pomwe the fire went on to destroy three more shops ndi zimene motowo unachita pambuyo pake. Njira yachidule ndi kudzifunsa m'Chichewa: kodi pano ndinganene kuti "kenako"? Ngati inde, ikani to. Ngati mukufuna ka -be, ikani -ing.

Njira ziwirizi, ya -ing ndi ya to, ndi za go on yekha. Kept on salola to ngakhale pang'ono. Kept on to cry kulibe m'Chingerezi, ndipo ponena ntchito yosaleka carried on nayenso amafuna -ing. Ndimauza ana kuti akamakayikira pa mayeso athawire kwa kept on ndi -ing, chifukwa pamenepo palibe mphambano yosocherera.

Za timabuku timeneti ndinenepo pang'ono, chifukwa makolo amataya ndalama. Sikuti tonse n'toipa, koma musanagule tsegulani tsamba la phrasal verbs muone ngati pali ziganizo zonse zathunthu. Ngati angondandalika mneni ndi tanthauzo la liwu limodzi, monga carry on ndi continue basi, kasiyeni. Chimodzimodzi manotsi a m'magulu a WhatsApp amene amati mulipire kaye kuti akulowetseni. Ndalama imeneyo bola mugulire kabandulo kakang'ono n'kutsegula dikishonale ya Oxford Learner's kapena ya Cambridge pa intaneti. Zonse ziwiri n'zaulere, sizidya bandulo kwambiri, ndipo mukalemba go on zimakupatsani tanthauzo lililonse palokha ndi zitsanzo zake. Jambulani tsambalo pa foni kuti musamagulenso bandulo ina pa zomwezo.

Gulu lachiwiri, la kupita patsogolo kwa ntchito, silivuta kwenikweni. Limakonda was kapena were ndi -ing, chifukwa mukuonetsa ntchito ili mkati: The new house was coming along well. Munthu akalimbikira ntchito yake, she was getting on with her work. Amene anatsalira n'kuwapeza anzake, he caught up with the others. Mukamaliza gawo lina n'kulowa lina, we moved on to the next topic. Samalani ndi got on with akamatsatidwa ndi munthu, chifukwa pamenepo akunena za kugwirizana, osati ntchito.

Ngati chinthu chinayamba kale china chisanachitike, gwiritsani ntchito had been: The quarrel had been going on for an hour when the chief arrived. Kamodzi kapena kawiri pa chimangirizo chonse n'kokwanira.

Chomaliza, tengani chimangirizo chanu chakale, zunguzani continued aliyense ndi pensulo, theka muwasinthe ndi aneni a m'mwambawa, theka muwasiye. Pamene pali went on, yang'anani liwu lotsatira musanapereke pepala.