Momwe mungaikire kabati ya mankhwala yoyendera kompyuta m'chipatala

Kabati imene tikunena pano ndi ija imaima mu wodi, yachitsulo, yokhala ndi madirowa ambiri, sikirini pamwamba ndi poika chala. Namwino akaika chala makina amamuzindikira, iye n'kusankha dzina la wodwala ndi mankhwala amene dokotala walemba, kenako malo okhawo amene muli mankhwalawo ndi amene amatseguka. Chilichonse chotuluka chimalembedwa: watenga ndani, nthawi yanji, cha wodwala uti. M'zipatala za ku America ndi ku Britain mayina odziwika kwambiri ndi awiri, Pyxis ya kampani ya BD ndi Omnicell. Pyxis inali ya CareFusion mpaka pamene BD inagula kampaniyo mu 2015, n'chifukwa chake makabati ena akale akadali ndi dzina la CareFusion. Malangizowa ndi a amisiri a makina a m'chipatala ndi ogwira ntchito ku famasi, kaya muli kunja kumene makabatiwa ali ponseponse, kaya muli kuno kumudzi ndipo chipatala chanu chikulingalira zogula imodzi kuti mankhwala asiye kusowa.

Musanasaine chilichonse, dziwani kuti chitsulo chokha sichigwira ntchito. Kabati imadalira server imene imasunga mayina a mankhwala, a odwala ndi a anamwino, komanso laisensi ya pulogalamu imene imalipiridwa. Pa intaneti pali ogulitsa makabati ogwirapo kale ntchito pamtengo wokopa kwambiri. Afunseni zinthu zitatu: server ilipo kodi, laisensi ingasamutsidwe, ndipo makiyi akumbuyo alipo onse? Akayamba kuzungulira, asiyeni. Kabati yopanda server ndi wadiropu wodula basi. Yang'ananinso kachitsulo kolembedwa kumbuyo: ya ku America imayendera 120V pa 60Hz, pomwe ku Malawi, South Africa ndi Britain magetsi ndi 230V pa 50Hz.

Malo ndi magetsi

Sankhani chipinda chotsekeka, chowala bwino, osati m'khonde momwe achibale a odwala amadutsa ndi kufunsa mafunso. Namwino wowerenga morphine safunika kusokonezedwa. Kutentha kwa chipinda kusapitirire madigiri 25, chifukwa mankhwala ambiri ndiwo malire awo, ndipo kumbukirani kuti kabatiyo imatulutsanso kutentha kwake. Yezani zitseko zonse ndi chikepe kuchokera pomwe galimoto idzatsitsire mpaka mu wodi. Yezaninso kutsogolo: dirowa itatseguka yonse, munthu athe kuima ndipo chitseko cha chipinda chizitsekekabe.

Soketi ikhale yakeyake, pa mzere wa magetsi umene jenereta imatenga akazima. M'zipatala zambiri masoketi amenewa amakhala ofiira. Musalumikize kudzera pa extension, ndipo ketulo ya tiyi ya anamwino isadzapezeke pa mzere womwewo. Batire ya UPS ntchito yake ndi kugwirizira kompyuta kufikira jenereta italira, si yoyendetsa wodi usiku wonse. Kumene magetsi amabwera mokwera ndi kutsika, ikani chotetezera kutsogolo kwa UPS, apo ayi mudzakhala mukusintha power supply.

Kuimika

Mukaitsitsa pa thabwa lake ndi kuikankhira pamalo, tsitsani timiyendo tapansi mpaka mawilo asiye kunyamula kulemera. Ikani levulo pamwamba, mbali ndi mbali komanso kutsogolo ndi kumbuyo. Izi si zokongoletsa: kabati yopendekeka imachititsa kuti madirowa azikhula, loko isamagwire bwino, ndipo makina amanena kuti dirowa ili yotseguka pamene mwatseka. Siyani mpata kumbuyo monga buku la kampani likunenera kuti fani ipume, kenako mangani kukhoma kapena pansi ndi mabawuti. Kabati yaitali yodzaza mabotolo a madiripi ikhoza kugwera munthu madirowa angapo akatsegulidwa. Lumikizani makabati owonjezera ku kabati yaikulu magetsi ali ozima. Firiji imaikidwa loko yake yoyendera kabati ndi kachipangizo koyeza kuzizira. Kachipangizoko kakhale pakati pa firiji, osati pachitseko kapena kukhudza khoma lakumbuyo, ndipo muisiye iyende mpaka itakhazikika pakati pa madigiri 2 ndi 8 musanaikemo insulin kapena oxytocin.

Network

Gwiritsani waya, osati Wi-Fi, ngati n'kotheka. A IT akupatseni IP yosasintha, imene ndi nambala ya kabati pa network, ndi kutsegula ma port amene kampani yalemba. Nthawi ya kabati, ya server ndi ya kompyuta ya famasi ichokere pa gwero limodzi la nthawi pa network, lotchedwa NTP. Zikasiyana ndi mphindi zochepa chabe, lipoti limaonetsa ngati namwino anatenga pethidine dokotala asanalembe, ndipo munthu wosalakwa amaitanidwa ku ofesi.

Mayina a odwala amabwera kudzera mu mauthenga a HL7, njira imene makompyuta a chipatala amatumizirana nkhani za odwala: A01 ndi wogonekedwa, A02 wosamutsidwa wodi, A03 wotulutsidwa. Dzina la wodi lilembedwe chimodzimodzi mbali zonse ziwiri, mu kabati ndi mu kompyuta ya chipatala. Uku kukakhala W3B uko WARD3B, sikirini idzakhala yopanda wodwala ngakhale mabedi onse ali odzaza. Ngati madokotala pachipatala chanu amalembabe papepala ndipo zolembazo sizilowetsedwa mu kompyuta, kabati sidzadziwa zimene wodwala walemberedwa; idzangowerenga zotuluka. Zimathandizabe kuchepetsa kuba, koma osawauza akuluakulu kuti iziletsa kupereka mankhwala olakwika.

Mndandanda wa mankhwala ndi tizipinda

Apa ndiye pamene pamafunika kudekha. Zonse zam'mwambazi amisiri awiri amamaliza msanga. Gawo ili limadya masabata, ndipo likachitidwa mothamanga limapha anthu.

Yambani ndi kutulutsa ku famasi zimene wodiyo yakhala ikugwiritsa ntchito miyezi itatu yapitayi. Musafunse anamwino kuti "mukufuna chiyani", adzakupatsani famasi yonse. Mankhwala aliwonse, pa mphamvu iliyonse ndi mtundu uliwonse, akhale ndi nambala yawoyawo, yofanana ndi ya mu kompyuta ya famasi. Paracetamol 500mg wa mapiritsi, wamadzi wa ana ndi wa diripi ndi zinthu zitatu, si chimodzi.

Kenako gwirizanani za chowerengera, ndipo mulembe. Morphine wa jakisoni amawerengedwa ndi ma ampoule, palibe vuto. Nanga morphine wakumwa wa 10mg pa 5ml amene ali m'botolo? Mukauza kabati kuti "1" ndi botolo pamene famasi ikutumiza mamililita, namwino wofuna 5ml adzaoneka ngati watenga mabotolo asanu. Insulin nayo ndi yomweyo: kabotolo ka 10ml ka mayunitsi 100 pa ml kali ndi mayunitsi 1,000, ndipo muyenera kusankha ngati kabati ikuwerenga timabotolo kapena mayunitsi. Mapiritsi a m'mapaketi, sankhani ngati ndi piritsi kapena paketi. Kusiyana kwa manambala kumene kumasautsa mawodi mwezi woyamba nthawi zambiri kumachokera pamenepa, si kwa akuba ayi.

Madirowa ali mitundu iwiri. Ena ndi otseguka, ogawidwa ndi timapulasitiki, ndipo dirowa ikatseguka zonse zili poyera. Ena ali ndi tizipinda tokhala ndi zivundikiro zokhoma, timene ku Pyxis amati CUBIE, ndipo kamatseguka kamodzi. Tokhomato n'todula ndipo timadya malo, choncho wogulitsa wofuna kutsitsa mtengo adzakuchulukitsirani madirowa otseguka. Musalole. Mankhwala osokoneza bongo monga morphine, pethidine ndi fentanyl, mankhwala oumitsa minofu monga vecuronium ndi suxamethonium, heparin, ndi ena onse oopsa apite m'tizipinda tokhoma. Potassium chloride wosasungunula asalowe n'komwe mu kabati ya wodi wamba. Mu dirowa yotseguka musaike moyandikana mankhwala ofanana mayina kapena mapaketi, kapena mankhwala amodzi a mphamvu ziwiri. Pa sikirini lembani mosiyanitsa ndi zilembo zazikulu: DOPamine ndi DOBUTamine, hydrALAZINE ndi hydrOXYzine.

Tsopano barcode. Kachipinda kalikonse kamangiriridwa ku nambala ya mankhwala, ndipo wodzaza ayenera kusikana paketi ndi kachipinda asanathire. Chifukwa chake chinaoneka mu 2006 pa Methodist Hospital ku Indianapolis: mu kabati ya wodi ya makanda munaikidwa heparin wa mayunitsi 10,000 pa ml m'malo mwa wa mayunitsi 10 pa ml. Timabotolo tinali tofanana, anamwino anakhulupirira kuti chimene chili m'kachipindako ndi cholondola, ndipo makanda atatu anamwalira. Anthu amaikhulupirira kabati kuposa momwe amakhulupirira shelefu, choncho cholakwika cha wodzaza chimadutsa osaonedwa.

Vuto lake n'lakuti barcode ndi ya wopanga, si ya mankhwala. Ceftriaxone 1g wa kampani iyi ndi wa kampani iyo ali ndi manambala osiyana. Ogula katundu akasintha kogula, ndipo amasintha kawirikawiri potsata mtengo, kabati imakana paketi yatsopano. Wodzaza ali ndi mawodi asanu ndi limodzi omudikira, ndiye amadina batani lodumpha kusikana, ndipo pakatha mwezi kudumphako kwasanduka chizolowezi. Njira yake ndi iyi: katundu watsopano aliyense asikanidwe pofika ku sitolo ya famasi, barcode yosadziwika ilumikizidwe ndi nambala yoyenera pomwepo, munthu wachiwiri atsimikize, ndipo chilolezo chodumpha kusikana chikhale ndi anthu awiri kapena atatu okha. Mankhwala obwera opanda barcode pa ampoule, famasi isindikize yake. Chenjeraninso ndi mapaketi okhala ndi zizindikiro ziwiri, cha mizere ndi cha kabokosi ka DataMatrix: yesani zonse, chifukwa sikana yakale imawerenga mizere yokha.

Chotsala pa gawo ili ndi override, njira yotengera mankhwala a famasi asanavomereze, pa zangozi. Mndandanda wake ukhale waufupi ndipo komiti ya mankhwala ya chipatala iusaine. Mu December 2017 pa Vanderbilt University Medical Center ku Nashville, namwino wofuna Versed, amene ndi midazolam, analemba zilembo ziwiri VE pa override, makina n'kumupatsa vecuronium, ndipo wodwala anamwalira. Bungwe la ku America loona za kupewa zolakwika pa mankhwala, la ISMP, limalangiza kuti makina asaonetse dzina mpaka munthu atalemba zilembo zisanu. Onani ngati pulogalamu yanu ili nazo ndipo muziyatse, ngakhale anamwino adandaule kuti zikuchedwetsa.

Kuchuluka kwa katundu n'kosavuta. Wodi yogwiritsa ma ampoule 20 patsiku, yodzazidwa Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, iyenera kupirira masiku atatu a kumapeto kwa sabata, ndiye ikhale ndi oposa 60 Lachisanu. Muike malire apamwamba pafupi ndi 80. Tengani mapaketi enieni muyese ngati akukwana. Kachipinda kothinitsidwa ndiko kamakanirira chivundikiro.

Kuyesa ndi kutsegulira

Pangani wodwala wongoyeserera, mugonekeni, musamutseni, mutulutseni, muone ngati kabati ikutsatira. Tsegulani kachipinda kalikonse, osati ochepa ongosankha. Zulani pulagi muone UPS. Zulani waya wa network muone ngati ikupitiriza ndi zimene inali nazo ndi kutumiza zonse wayayo akabwerera. Pa mankhwala osokoneza bongo yatsani kuwerenga kobisa, kuti namwino alembe nambala imene wapeza makina asanamuonetse yawo, ndi mboni yachiwiri pa kutaya zotsala. Anamwino alembetse zala ziwiri, manja osiyana. Makiyi otsegulira pamanja akhale m'malo okhoma odziwika kwa mkulu wa usiku, pamodzi ndi mapepala olembapo makina akafa. Tsegulirani Lachiwiri m'mawa, osati Lachisanu masana.

Kusamalira

Tsiku lililonse kusiyana kwa manambala kuthetsedwe shifiti isanathe, ndipo kutentha kwa firiji kuonedwe. Poika chala pukutani ndi kansalu kofewa. Kukana zala kochuluka ndi mafuta odzola ndi sanitizer, si kuwonongeka. Mankhwala opukutira musapopere pa sikirini, poperani pa nsalu. Mwezi uliwonse chotsani zotha nthawi, phwetsani fumbi pa fani ndi sefa yake, fufutani mayina a amene anasiya ntchito, ndipo chotsani mankhwala amene akhala miyezi itatu osakhudzidwa.

Dirowa ikakanirira musaikoke ndi mphamvu. Nthawi zambiri ndi paketi yaima chilili kapena ampoule yagwera kumbuyo kwa njanji. Gwiritsani menu yobwezeretsa dirowa, ikakana tsegulani kumbuyo ndi makiyi, wa famasi ali pomwepo, ndipo muwerenge zonse musanatseke. Posintha bodi kapena loko valani pamkono lamba wa static, woteteza zipangizo ku magetsi a m'thupi. Mabatire a UPS amatha pakati pa zaka zitatu ndi zisanu, msanga m'chipinda chotentha. Lembani deti pa batire ndi maka, ndipo musagule a pamsika osadziwika zaka zimene akhala pashelefu. Kachipangizo ka firiji kayesedwe chaka ndi chaka. Update ya pulogalamu ichitike usiku, backup itatengedwa, kabati imodzi kaye, ndipo ikadzuka yesani HL7 ndi wodwala wongoyeserera uja musanapite ku wodi yotsatira.