Sepsis pa nthawi ya chikuta: zimene banja liyenera kuchita

Sepsis ndi vuto limene limabwera pamene tizilombo talowa m'thupi, kenaka thupi, polimbana nato, limayamba kuwononga ziwalo zake zomwe monga impso, mapapo ndi ubongo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linanena kuti mu 2017 anthu pafupifupi 49 miliyoni anadwala vutoli ndipo 11 miliyoni anamwalira, pafupifupi theka la odwalawo ali ana aang'ono. Kwathu kuno, ena mwa amene ali pachiopsezo kwambiri ndi mayi amene wangochira kumene pamodzi ndi khanda lake.

Mwambo wa chikuta uli ndi ubwino wake, chifukwa umapatsa mayi mpata wopuma ndipo umachepetsa manja ogwira mwana. Koma si bwino kudikira kuti mchombo ugwe pamene khanda lasiya kuyamwa, latentha kapena lazizira thupi, likupuma mothamanga, likukomoka, kapena pamchombo pafiira ndi kutuluka mafinya. Mwana wotere apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale kutada, pakuti khanda likhoza kufooka kwambiri m'maola ochepa. Chimodzimodzinso mayi amene akunjenjemera, akumva kupweteka pachinena, akutulutsa zonunkha kunjira ya abambo, kapena wayamba kulankhula zosokonekera.

Pamchombo pasapakidwe phulusa, mwaye, ndowe kapena madzi a masamba, ngakhale agogo atanena kuti zimenezi zimafulumizitsa kugwa kwake. Ngati achipatala akupatsani mankhwala a chlorhexidine, pakani monga anakuuzirani, mutasamba m'manja ndi sopo, ndipo asafike m'maso mwa mwana.

Chimene chimachedwetsa mabanja ambiri ndi kuganiza kuti kutentha thupi kulikonse ndi malungo. Akayezedwa n'kupezeka kuti alibe malungo, ena amabwerera kunyumba mtima uli m'malo, pamene zotsatirazo zikutanthauza kuti choyambitsa chiyenera kufufuzidwa kwina. Funsani dokotala mwaulemu ngati vutolo silingakhale sepsis. Musagule makapisozi a amoxicillin pagolosale n'kumwa awiri kapena atatu, chifukwa kutero kumabisa zizindikiro komanso kumachititsa kuti tizilombo tisamamvenso mankhwala. Kafukufuku wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre waonetsa kale kuti tizilombo tina, monga Klebsiella, nthawi zambiri sitikufa ndi ceftriaxone, jakisoni amene zipatala zathu zimadalira.

Pali zinanso zimene banja palokha silingakonze. Chipinda chochirira chopanda madzi a pampopi ndi sopo chimaika mayi aliyense pangozi, ngakhale anamwino atakhala akhama chotani. Mu 2017 mayiko a m'bungwe la WHO anagwirizana kulimbikitsa kapewedwe ndi chithandizo cha sepsis, choncho makomiti a pachipatala, mafumu ndi makhansala ali ndi poyambira pofunsa khonsolo za madzi, mafuta a ambulansi ndi mankhwala. Tsiku lokumbukira sepsis, pa 13 September, ndi nthawi yabwino yoti nkhanizi zikambidwe pamsonkhano wa mudzi, mlangizi wa zaumoyo ali pomwepo.